Khutu la Kumanzere la Kanyerere

9 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi Kanyerere wanga. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwanyanya. M'mawa zala zimachita kuuma ngati ndabwereka kwa munthu wina.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni timangopatsana moni, ndipo mwanayo akangoti "ndili bwino kaya inu" ndiye kuti wathawa kale. Nkhani ndili nayoyi ndi yofuna kukhalira pansi.

Ndayamba sukulu, Achemwali, ndi ukulu wanga uno! Lachiwiri ndi Lachinayi masana ndimapita kukaphunzira Chitaliyana m'kachipinda kena kuseri kwa laibulale. Zaka zonsezi ndakhala ndikungothyola cha pamsika ndi cha mankhwala, koma mu Juni muli mayeso. Gawo lina ndi la pakamwa. Amakukhazika pamaso pa anthu awiri n'kukuuza kuti ufotokoze munthu mmodzi wa m'banja mwako ndi malo amene umakhala. Ndiye tikuloweza alta ndi bassa, kutanthauza wamtali ndi wamfupi, capelli lomwe ndi tsitsi, occhi omwe ndi maso, ndi zina zotero mpaka mutu kuzungulira.

Koma mphunzitsi wanga weniweni ali kunyumba. Ndi abambo okalamba amene ndimawasamalira aja. Ntchito yawo inali yometa anthu, ndiye ine ndimangowatchula kuti a Wometa. Chichitireni khungu ndi matenda a shuga, ine ndi amene ndimawaonera. Tikamayenda mumsewu, akangomva nsapato za munthu amandikoka mkono n'kufunsa, "Com'è?" ndiye kuti, ndi wotani? Poyamba ndinkangoti bella, wokongola, kuti andisiye. Ha! Anamenya ndodo pansi. "Bella si nkhope! Ndakalamba ndikugwira mitu ya anthu, sindinaonepo munthu wongokhala bella basi. Makutu ake ndi otani?"

Dzulo ndinawauza kuti pa mayeso ndidzafotokoza mwana wanga. Anakondwa, n'kukhala bwino pampando ngati kwabwera kasitomala. Anandifunsa makutu. Anandifunsa chipumi. Anandifunsa ngati amakhazikika pomukonza tsitsi kapena amapotoza khosi. Ndinatulutsa chithunzi chija cha diresi lachikasu, koma mmenemo wangoima njo ngati msilikali, makutu abisika m'maliboni. Ndinamusiya ali ndi zaka zitatu, lero ali ndi zisanu ndi zitatu. Mawu a Chitaliyana ndinali nawo, chosowa chinali mwana. Ndinachita manyazi kwambiri.

Chonde ndifotokozereni mmene alili, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ine ndizitembenuza kuno.

Nkhani yabwino ndaisungira kumapeto. Ndikakhoza mayesowa andipatsa chikalata chokhalira kuno nthawi yaitali, ndipo ndidzaitanitsa mwana. Mwana wamkazi wa a Wometa, amene anandilemba ntchito, wavomera kale kuti tidzakhale tonse m'nyumba muno. Ndiye mudzapume, Achemwali. Mwandisenzera katundu wanga nthawi yaitali.

Ine mng'ono wanu.

*

2 Malichi

Mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira. Tonse tili bwino. Ntchito yachuluka, ndikusoka mayunifomu a sukulu ndipo makina sakupuma.

Wati ndikufotokozere mwana. Ndi wamtali pang'ono. Khungu ndi ngati lako. Maso ali nawo awiri, makutu awiri, zonse zili m'malo mwake. Tsitsi ndi tsitsi. Zithunzi uli nazo.

Katundu wako ali bwino, akudya, akupita kusukulu.

Uwapatse moni abambo akowo.

Ine mkulu wako.

*

24 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Zikomo chifukwa cha kalata yanu, ngakhale inali yaifupi ngati masiketi a masiku ano. Koma inu simusintha! Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawatembenuzira a Wometa kuti due occhi, due orecchie, maso awiri, makutu awiri. Nawonso anaseka, kenako ananena kuti, "Amene walemba zimenezi wafumbata kanthu." Ine ndinati ayi, achemwali anga atopa chabe, mayunifomu awathyola msana.

Ndiye ndatumiza kaphukusi. Muli magalasi owerengera, chifukwa tsiku lija pa foni ndinaona mukutalikitsa singano polowetsa ulusi. Mulinso mafuta opaka m'manja, ndi masokosi a Kanyerere.

Sukulu ikuyenda. Tsopano ndikutha kuwauza a Wometa kuti mayi wophika buledi pakona ndi wamfupi, wojintcha, nsidze zake zinakumana pakati, ndipo ufa sumuchoka pachigongono. Atamva anati, "Aa, ndamudziwa! Bambo ake analinso ndi nsidze zomwezo, ndinkazidula ine." Tangoganizani, munthu wosaona kumuzindikira mnzake ndi mawu anga! Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Koma Lachinayi kukalasi zinandivuta. Aphunzitsi anati tiyeserere mayeso. Mnzanga wina wotsuka mbale ku lesitilanti anafotokoza amayi ake mpaka tonse tinawaona, ndi dzino lawo lothyoka lomwe. Itafika nthawi yanga ndinati mwana wanga ndi wamtali pang'ono, ali ndi tsitsi lakuda, ndi wabwino. Basi, mawu anandithera pomwepo. Aphunzitsi anamwetulira n'kunena mofatsa kuti, "Palibe cholakwika, koma mwana ameneyu akhoza kukhala wa aliyense." Sanafune kundilasa, komabe ndinalira m'basi njira yonse.

Ndithandizeni, nthawi ikutha. Mukapeza kampata, ngakhale mizere yochepa chabe. Amayenda bwanji? Akakwiya nkhope imatani? Tikafulumira, mwina chaka chisanathe mukhala mutapumula.

Ine mng'ono wanu.

*

15 Epulo

Alamu,

Ndine, mwamuna wa akulu anu. Mukudziwa kuti ine ndi makalata sitigwirizana, dzanja langa linazolowera chiwongolero. Ndikulemba nditaimika lole pa sikelo, ndiye mukaona zilembo zikupendekeka mundikhululukire. Tonse tili moyo.

Ndalemba mobisa. Akulu anu sali bwino. Si matenda a kuchipatala ayi. Phukusi lanu linafika ndipo tikuthokoza, koma lili pamwamba pa kabati, sanalitsegule. Sabata yatha anadula manja awiri a kumanzere pa malaya a kasitomala, munthu amene chiyambire kusoka sanaonongepo nsalu ya mwini. Loweruka akamaluka mwana tsitsi, ntchito ya kanthawi kochepa ikutenga masana onse. Amaluka, n'kumasula, n'kulukanso, mpaka mwanayo amadandaula kuti miyendo yachita dzanzi.

Inu mukudziwa kuti m'nyumba muno sitinapatsidwe mwana wathuwathu. Tinazivomera kale, tinasiya ndi kuzikamba komwe. Tsiku limene munakwera ndege, Kanyerere analira mpaka mawu kutha, ndipo akulu anu ankapalasa makina atamubereka kumbuyo. Kuchokera pamenepo amawatchula kuti Amayi, inu amakutchulani Amayi a mufoni. Zimenezi munazimva nokha, tonse tinkaseka.

Ndiye kalata yanu yoyamba ija anandiwerengera mokweza, akusangalala ndi za sukulu yanu. Atafika pa mawu aja oti katundu, anaipinda n'kutuluka panja. Atabwerako anangoti, "Kani ine ndinali wonyamula katundu."

Ine sindikuti mwana asapite. Mwana ndi wanu, ndipo mwamuvutikira kumeneko, tikudziwa. Inenso ndidzamusowa, chifukwa ndikabwera ku ulendo ndi iye amene amathamangira kudzandisecha m'matumba. Koma mukamapempha akulu anu kuti amufotokoze, kwa iwo zili ngati mukuti amukulunge okha n'kumumata sitampa.

Musawauze kuti ndalemba. Ndikufunabe kudya m'nyumba muno.

Ine mlamu wanu.

*

29 Epulo

Achemwali anga,

Moni sindichulukitsa lero. Ndalakwa.

Ndakhala ndikukumbukira zimene ndinalemba mu Febuluwale, ndipo nkhope yanga yagwa. Ndinati katundu. Ndinkayesa ndikuthokoza, koma ndinayankhula ngati munthu wodzatenga sutikesi imene anasungitsa. Inu simunamusunge Kanyerere, munamulera. Ine ndinabereka n'kukwera ndege. Amene munathamanga naye kuchipatala atatentha thupi ndi inu, amene munamugwira dzanja tsiku loyamba la sukulu ndi inu. Ndipo ine ndinapangana zonse ndi anthu a kuno osakufunsani n'komwe. Pepani, Achemwali. Pepani kwambiri.

Mwana wanga ndimamufuna, sindinama. Masiku ena ndimaima pa geti la sukulu ya pafupi pano ngati ndili ndi womudikira. Koma sindilemba pepala lililonse lomuitanitsa inu musananene mawu anu. Mukati adikire, adikira.

Za kumufotokoza zija zisiyeni. Ndawauza a Wometa kuti pa mayeso ndidzafotokoza iwowo. Ati ndisaiwale kunena kuti pa unyamata wawo ankaimitsa atsikana mumsewu, ndiponso kuti dazi lawo ndi laulemu.

Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Ndinayenera kuyamba ndi mawu amenewa.

Ine mng'ono wanu.

*

18 Meyi

Mng'ono wanga,

Tili bwino. Ndikudziwa kuti alamu ako anakulembera. Anabwera ndi inki pachala, munthu amene ngakhale dzina lake amalemba mochita kumukakamiza. Ndawakhululukira, akudya.

Magalasi ndavala. Tenga cholembera, uwauze abambo akowo akhale bwino pampando.

Kanyerere mutu wake umandifika pachifuwa. Miyendo ndi yaitali kuposa thupi, ndiye diresi lililonse ndimapinda kwambiri m'munsi kuti ndizimasula akamakula. Phewa la kumanja ndi lotsika pang'ono chifukwa cha chikwama cha sukulu. Ndamuuza kuti azisinthasintha koma samva. Sayenda, amadumphadumpha, ndipo nsapato ya kumanzere imatha msanga kutsogolo chifukwa amamenya timiyala njira yonse.

Chipumi ndi chako, chachikulu, chowala. Maso ndi a malemu amayi athu, aja ooneka ngati ali ndi tulo pomwe akuona zonse. Mano awiri a kutsogolo amera aakulu, pakati pali kampata, ndipo amaimbira mluzu pamenepo ngakhale ndimamuletsa. Pachibwano pali kachipsera ka pa katungwe wa kusukulu, kaja ndinakuuza pa foni.

Tsopano makutu, poti ndi amene akufunidwa. La kumanja linagona bwinobwino. La kumanzere linatuluka pang'ono, chifukwa chiyambire ukhanda amagona atalipinda. Akamanama amalikoka. Akamaopa amalikokanso. Ndiye ukaona dzanja lapita kukhutu usathamangire kukalipa, uyambe wafunsa.

Pomuluka sakhazikika, n'chifukwa chake dzina la Kanyerere linamukanirira. Tsitsi la pankhongo ndi lofewa ndipo pamamupweteka. Uziyambira kutsogolo, nkhongo uzimalizira, uku ukumufunsa za anzake a kusukulu kuti aiwale. Akakwiya salira ayi, amakalowa pansi pa tebulo la makina. Usamutulutse. Umuikire chakudya pafupi, atuluka yekha.

Taona, ndayamba kale kulemba ngati ndikukupatsira. Ndalira polemba, usayese madontho awa ndi a tiyi.

Pa mayeso ufotokoze mwana wako, osati dazi la eni ake. Koma nanenso ndili ndi pempho. Unati mukuphunziranso kufotokoza malo. Ndifotokozere kumeneko. Chipinda chimene azidzagona, msewu umene azidzayenda, sukulu, anthu ake. Usandiuze kuti n'kokongola, abambo akowo anakuletsa kale. Ndikufuna ndione kumene mwana wanga akupita. Ndikaona ndidzakuyankha.

Ine mkulu wako.

*

6 Juni

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse, osaiwala alamu ndi chala chawo cha inki. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndinawatembenuzira a Wometa pang'onopang'ono, dikishonale ili pamwendo. Titafika pa khutu anakweza dzanja. "Basi, ndamuona. Makutu otere ndimawadziwa, eni ake sakhazikika pampando." Kenako anandiphunzitsa mmene amanenera, a sventola, khutu lotuluka. Zikomo, Achemwali. Mwandipatsa mwana wanga kachiwiri.

Nayi nyumba, ndipo sindikometsa. Tili pa nsanjika yachiwiri, chikepe mulibe. Masitepe ndi amwala, muli mdima, ndipo mumamveka fungo la sopo ndi la mphaka wa aneba. Chipinda changa ndi stretta, chopapatiza. Ndikatambasula manja ndimatsala pang'ono kugwira makoma onse awiri. Muli bedi limodzi, ndipo lachiwiri likalowa kabati iyenera kutuluka. Zenera linayang'ana khoma la nyumba ina, dzuwa limalowa m'mawa kanthawi kochepa basi. Pansi pa zenera pali chitsulo chotenthetsa chipinda. Chimalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala, koma chimagwira ntchito.

Tebulo la makina loti azikalowa pansi pake kulibe. Lilipo ndi la kukhitchini, lokhala ndi nsalu yofika pansi. Ndayesa kulowamo ndekha, ndakwana.

Pabalaza pali mpando wakale wometera, wachikopa chofiira, wozungulira. A Wometa salola munthu kukhalapo, ngakhale mwana wawo weniweni, koma ati Kanyerere azidzalukidwira pamenepo.

Msewu wathu ndi waung'ono, magalimoto amaima mbali imodzi. Pakona pali mayi wa buledi uja, kenako sitolo ya mankhwala, kenako powolokera pamene pali maloboti. Sukulu ili kutsidya kwake, yachikasu, ya geti lobiriwira, ndipo pabwalo pali mitengo iwiri ndi katungwe. Ana a khungu ngati lathu alipo koma ndi ochepa. Anthu ena ndi abwino, ena amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi osapereka moni. Miyezi yozizira kumada msanga, ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Poyamba adzavutika ndi chilankhulo, khutu adzalikoka kawirikawiri. Bwalo lothamangirapo ngati la kwanuko kulibe. Ndipo inu kulibe. Chimenecho sindingachikonze.

Ndi zimenezo, ndanena zonse. Mayeso ndi sabata yamawa, mundikumbukire.

Ine mng'ono wanu.

*

11 Julayi

Achemwali!

Ndakhoza! Pa foni ndinangokuwa osamveka, ndiye imvani bwino tsopano.

Ofunsa anali bambo wa ndevu zoyera ndi mayi wowonda wa ndolo zazikulu. Ndinalowa ndi mantha. Koma nditayamba ndi miyendo yaitali ndi nsapato yotha kutsogolo, mantha anathawa okha, chifukwa ndinkamuona akudumphadumpha patsogolo panga. Nditafika pa khutu, mayi uja anasiya kulemba, anagwira khutu lake n'kuseka. Ndiye anandifunsa kuti, "Tsitsilo mumamuluka nokha?" Ndinayankha zoona. Ndinati ayi, amamuluka ndi mia sorella, mkulu wanga, ndipo zonse ndanenazi ndaonera m'maso mwake.

A Wometa akuuza aliyense pamasitepe kuti wakhoza ndi wophunzira wawo. Aphunzitsi a kulaibulale sakuwatchula n'komwe.

Chikalata changa chituluka. Koma pepala loitanitsira mwana lili m'kabati, sindinalembepo kanthu. Ndikudikira inu.

Ine mng'ono wanu.

*

3 Ogasiti

Mng'ono wanga,

Wachita bwino, tanyadira. Alamu ako analiza hutala ya lole mpaka aneba kutuluka ndi mitima m'mwamba.

Kalata yako ya nyumba ija ndaibwereza kangapo. Ukanati zonse n'zokongola ndikanakana. Koma munthu wamkulu wolowa pansi pa tebulo kuyesa ngati mwana adzakwane, ameneyo ndi mayi. Ndinamuwerengeranso mwiniwake, osadumpha za kuzizira ndi za anthu osapereka moni. Anakoka khutu nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati mpando wofiirawo umazungulira mpaka kubwerera pomwe unayambira.

Lemba pepalalo.

Ndagula nsalu yokhuthala yabuluu, ndikumusokera chikhoti. Kolala ndaika yaitali yofika m'makutu, ndipo m'munsi ndi m'manja ndapinda kwambiri. Akamakula uzimasula pang'onopang'ono, ulusi wake ndikuikira m'thumba la mkati. Usapereke kwa telala wina.

Chinthu chimodzi chokha. Mwezi uliwonse uzindilembera mmene alili. Zithunzi sindikuzifuna, mmenemo amangoima njo. Waphunzira kufotokoza, ndiye uzindifotokozera.

Ine mkulu wako.

*

9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Moni inu ndi alamu. Chifikireni mwana mu Januwale takhala tikungoyankhulana pa foni, ndiye nayi kalata yoyamba ya pangano lathu. Pepani yachedwa, m'nyumba muno simukhalanso bata.

Ndiyambe ndi ku bwalo la ndege. Anthu anali piringupiringu, ine ndikuopa kuti andidutsa osamudziwa. Ndiye chapatali ndinaona kamunthu ka chikhoti chabuluu pambali pa mayi wogwira ntchito m'ndege, kakudumphadumpha, phewa la kumanja lotsika, dzanja lili pa khutu la kumanzere. Nkhope ndinali ndisanaione, koma ndinali nditayamba kale kuthamanga.

Titafika kunyumba a Wometa anamugwira mutu ndi manja awiri, anasisita chipumi, anafika pa khutu lija n'kunena, "Eccola," ndiye kuti, ndi ameneyu. Mpando umazungulira mpaka kubwerera pomwe unayambira, mwana watsimikiza yekha.

Mmene alili lero ndi motere. Dzino lina la m'mbali lachoka. Masaya aphwa pang'ono chifukwa zakudya za kuno sanazizolowere. Milomo imauma ndi mphepo, ndikumupaka mafuta. Manja a chikhoti sindinamasule. Pansi pa tebulo walowapo, ndipo tsiku lina anakhalitsa. Ndinamuikira mbale pafupi monga munanenera, ndinakhala pansi cha pomwepo osayankhula, anatuluka yekha. Ine tsopano amanditchula Amayi a kuno.

Sabata yatha anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti afotokoze amayi ake m'Chitaliyana. Ndinati eya, pamenepa ndiye pafika katswiri. Tinakhala pa tebulo la kukhitchini. Anandifunsa kuti wamtali amati chiyani. Ndinati alta, koma ine ndine bassa, mwananga, ndiwe wosaona kodi? Anandiyang'ana, dzanja n'kupita kukhutu. Ndinakumbukira mawu anu, ndinayamba ndafunsa.

"Ukulemba za ndani?"

"Za Amayi," anatero chapansipansi.

Zinandipweteka, Achemwali, sindikubisirani. Ndinanyamuka n'kukatsuka kapu yotsukatsuka kale. Kenako ndinabwerera n'kumuuza kuti, "Chabwino. Koma tiwalembe bwino, bella si nkhope."

Tinakulembani tonse awiri. Iye ankanena, ine ndinkapereka mawu. Kuti ndinu aatali. Kuti chala chanu cha mkombaphala n'cholimba ndi singano. Kuti magalasi amakhala kunsonga kwa mphuno. Kuti mukamakalipa muli ndi mapini pakamwa, mawu amatulukira m'mphuno. Kuti m'khosi mwanu simuchoka tepi yoyezera, ngakhale pophika. Mawu a tepi sindinkawadziwa, a Wometa ndi amene anakuwa ali pabalaza kuti metro. Tinaseka mpaka dzanja linachoka kukhutu.

Dzulo pa geti aphunzitsi ake anabwera ndi pepalalo m'manja. Anandiyang'ana ine wamfupi, wopanda magalasi, wopanda tepi, anayang'ananso pepala. Ndinaona kuti akusowa poyambira, ndiye ndinawathandiza. Ndinati, "Ne ha due." Amayi ali nawo awiri.

Pepalalo ndaliika muno, ndi lanu. Pansi pa mzere uliwonse ndalemba Chichewa chake. Valani magalasi. Zikomo, Achemwali, chifukwa cha mwana ameneyu, ndiponso chifukwa chondiuza kuti ndiziyamba ndafunsa.

Ine mng'ono wanu,
Amayi a kuno.

Mwiniwake walanda cholembera:

Amayi, ndine. Ndakusowani, ndi Ababa omwe. Amayi a kuno akundiluka bwino koma akaiwala amayambira pankhongo. Chikhoti sindinadetse. Kuno ndili bwino. Polemba izi sindikukoka khutu, afunseni.